Nthochi yomata pakhoma: kodi ndi luso kapena akutipusitsa?

Mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba wanditumizira imelo. Ndadula zina, koma mfundo yawo ndi iyi: "Ndinaona pa intaneti kuti nthochi imodzi yomata pakhoma ndi tepi inagulidwa ndalama zankhaninkhani, ati ndi luso. Ndimaonanso nyumba zatsopano zokhotakhota ngati zikufuna kugwa, anthu n'kumaziyamikira. Kodi ndine amene sindikumvetsa, kapena akungotipusitsa? Munthu wamba angayambire pati?"

Zikomo mayi pondilembera. Tiyambe ndi nthochiyo poti ndi imene yakuimitsani mutu. Anaimata ndi Maurizio Cattelan wa ku Italy, pachionetsero cha Art Basel ku Miami Beach mu 2019, ndipo inagulidwa madola 120,000. Mu Novembala 2024 ntchito yomweyo inagulidwa madola 6.2 miliyoni ku Sotheby's, kampani yogulitsa zaluso pa okushoni, mumzinda wa New York, wogulayo n'kuidya pamaso pa atolankhani patangopita masiku ochepa. Sanaluze kanthu. Chomwe anagula si chipatsocho ayi, koma chikalata chomulola kumata nthochi ina pakhoma n'kumaitcha ntchito ya Cattelan. Ikawola amangosintha. Mkuluyu ndi wanthabwala, ndipo ine ndimaona kuti akuseka anthu olemera amene amagula chilichonse bola dzina. Nthabwalayo ndi yakalenso: mu 1917 waluso wina wa ku France, Marcel Duchamp, anatenga chokodzeramo amuna cha m'chimbudzi n'kuchitumiza kuchionetsero cha zaluso. Ndimaseka kamodzi, basi n'kupitirira. Musadzione ngati wotsalira chifukwa choti sinakugwireni mtima.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti phokoso la nthochiyo limaphimba anthu amene akuchita zinthu zakupsa. Ndipo kuti muwaone, funso loyamba lisakhale lakuti "chikufanana ndi chiyani?" Muzifunsa kuti: achipanga ndi chiyani, nanga n'chifukwa chiyani anasankha chimenecho?

Taonani El Anatsui, wobadwira ku Ghana mu 1944, yemwe anaphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya ku Nsukka, ku Nigeria. Mukaima patali ndi ntchito yake mumaona chinsalu chachikulu chonyezimira, chofiira ndi chagolide, chitalendewera kuchokera kudenga mpaka pansi. Mukasendera pafupi mumapeza kuti si nsalu. Ndi zitsekerero za mabotolo a mowa zikwizikwi, zoziphwanthitsa, kuziboola timabowo, n'kuzilumikiza chimodzichimodzi ndi kawaya ka mkuwa. Pena mayina a mowawo amawerengeka bwinobwino. Manja a anthu ambiri amene amagwira naye ntchito amapota kawaya kalikonse. Mwiniwake amakumbutsa kuti mowa unali m'gulu la katundu amene azungu ankabwera naye pogula akapolo kumadzulo kwa Africa, ndiye kunyezimira kuja kwasenza mbiri yowawa. Chinanso chomwe ndimachikonda: salamula kapachikidwe. Oonetsa amapinda m'mene afunira, moti ntchito imodzi siioneka chimodzimodzi malo awiri. Chithunzi cha pafoni sichingakuuzeni zonsezi, chifukwa pafoni chinthu chotalika ngati nyumba chimalingana ndi chikhatho.

Pa nkhani ya nyumba funso lomwelo limagwira ntchito, kungowonjezera lina: anthu okhalamo akumva bwanji? Francis Kéré wa ku Burkina Faso anaphunzira ali mwana m'kalasi yotentha komanso yamdima. Atapita kukaphunzira zomangamanga ku Berlin, anasonkhanitsa ndalama n'kubwerera kumudzi kwawo ku Gando kukamanga sukulu ya pulayimale, yomwe inatha mu 2001. Anthu atamva kuti amanga ndi dothi anakhumudwa. Ankati mwana wathu wapita ku Ulaya konse kuja n'kutibweretsera dothi lomwe timalidziwa kale, lomwe mvula imagumula? Iye anasakaniza dothilo ndi simenti pang'ono n'kulipsinja kukhala njerwa zolimba. Koma nzeru yeniyeni ili kudenga. Malata sanawakhazike pakhoma. Anawakweza m'mwamba pa zitsulo zopyapyala, pansi pake n'kuikapo siling'i ya njerwa yokhala ndi mipata. Mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'mipatamo, wozizira n'kulowera m'mawindo, popanda magetsi kapena makina. Denga lija linatambasukanso kupitirira makoma kuti mvula isamawamenye. Omanga anali anthu a m'mudzimo. Pa laibulale ya pasukulupo, amayi anabweretsa miphika yadothi, anaidula n'kuiika m'denga la konkire kuti kuwala kuzilowa m'timabwalo tozungulira. Sukuluyi inapata mphoto ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa ku Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu kwambiri kwa akatswiri ojambula mapulani a nyumba.

Nyumba yakeyo ndi yokongola, inde, koma kukongolako kunachokera poganizira mwana wotuluka thukuta m'kalasi.

Nanga zokhotakhota zija? Zina zili ndi chifukwa. Ku Cape Town, nyumba yoonetseramo zaluso ya Zeitz MOCAA inatsegulidwa mu 2017 m'nkhokwe yakale ya chimanga ya padoko. Okonza mapulani ake, Thomas Heatherwick ndi anzake, sanaigwetse: anasema m'kati mwa machubu akuluakulu 42 a konkire n'kupanga bwalo lotsatira maonekedwe a njere ya chimanga. Ukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba umaona zomwe nyumbayo inali kale. Koma zina ndi matama chabe. Ku London kuli chinyumba chachitali chomwe anthu anachitcha Walkie-Talkie. Magalasi ake anawapinda molowa m'kati, ndiye mu 2013 ankasonkhanitsa dzuwa n'kuliponya pamsewu mpaka linasungunula mbali zina za galimoto yomwe inaimikidwa pamenepo. Anachita kuikapo zotchinga. Pamenepa simufunika digiri kuti munene kuti anaphonya, ndipo muli ndi ufulu wonse kunena choncho.

Mwafunsa poyambira. Musayambe ndi mitengo yake, ndipo kachikwangwani kofotokoza kamene amaika pambali muzikawerenga pomaliza, maso anu atayamba agwira ntchito. Imani patali, kenaka senderani pafupi mpaka muone polumikizira. Ngati ndi nyumba, lowani m'kati, onani komwe kuwala kukulowera, komwe madzi a mvula akupita, ndiponso ngati munthu wa njinga ya olumala angalowe. Ngati ndi mpando, khalanipo akakulolani. Mukatero n'kuona kuti sichikukukomerani, palibe mlandu, bola mutha kunena chifukwa chake.

Madzulo ano fufuzani dzina la Shigeru Ban wa ku Japan. Amamanga ndi machubu a mapepala olimba. Chivomezi chitagwedeza mzinda wa Kobe mu 1995 anamangira anthu tinyumba ta machubuwo, maziko ake ali makireti a mowa odzaza matumba a mchenga, ndipo ku Christchurch, ku New Zealand, anamanga tchalitchi chachikulu cha machubu omwewo chomwe chinatsegulidwa mu 2013. Mukaziona mundilembere kuti mwaziona bwanji poyerekeza ndi za Kéré.