Kodi ndingadziwe bwanji kuti pano sindikulota?

Mlungu wathawu ndinalandira imelo yochokera kwa wophunzira wina wa chaka choyamba pa yunivesite, amene akukhala ku Kalingalinga. Funso lake mwachidule linali lotere: "Aphunzitsi athu a filosofi anatiuza kuti palibe munthu amene angatsimikize kuti zinthu zimene amaziona zilikodi kunja kwa maganizo ake. Anzanga anangoseka, koma ine nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ngati sindingathe kutsimikiza kuti pano sindikulota, kodi pali chimene ndimadziwa?"

M'bale wanga, munachita bwino kusaseka nawo, chifukwa funsoli lavutitsa anthu oganiza mozama kwa zaka zoposa 2,000. Ndiyamba ndi kulipatsa mphamvu zake zonse, popeza yankho lolipeputsa silingakukhazikeni mtima pansi.

Chikayiko chimayambira m'maso. Mukamayenda pa msewu wopita ku Kafue masana a mwezi wa Okutobala, phula la kutsogolo limanyezimira ngati pali chithaphwi, koma mukafikapo mumapeza pouma. Agiriki akale, kuyambira Pyrrho wa ku Elis mpaka Sextus Empiricus amene analemba cha m'ma 200 Yesu atabadwa, anasonkhanitsa zitsanzo zambiri zotere, ndipo anati munthu wofuna mtendere wa mumtima aleke kugamula kuti zinthu zilidi motani. Al-Ghazali, mphunzitsi wa Chisilamu wa ku Baghdad amene anamwalira mu 1111, anapitirira pamenepo. Iye anaona kuti chithunzithunzi chimaoneka ngati chaima pomwe chikusuntha, ndiponso kuti nyenyezi imaoneka yaing'ono ngati kandalama pomwe ndi yaikulu kuposa dziko lapansi. Chimene chimadzudzula maso pa zimenezi ndi nzeru. Ndiye anadzifunsa kuti, ngati nzeru zimatsutsa maso, tidziwa bwanji kuti palibe china choposa nzeru chimene chingazitsutsenso? Ananena yekha kuti anakhala m'chikayiko chimenechi pafupifupi miyezi iwiri, ndipo kuti chinamuchiritsa ndi kuwala kumene Mulungu anaika mumtima mwake.

Koma mosakayikira amene aphunzitsi anu ankamutsatira ndi René Descartes wa ku France, amene mu 1641 anafotokoza kuti anakhala pafupi ndi moto, pepala lili m'manja, nakumbukira kuti kangapo konse analotapo atakhala pamalo omwewo pomwe anali gone pabedi. Kenako anayerekeza kuti pali chiwanda champhamvu ndi chochenjera chimene ntchito yake ndi kumunyenga pa chilichonse, moti thambo, nthaka, mitundu ya zinthu ngakhale thupi lake lomwe n'zongomuonetsa. Mu 1981 Hilary Putnam wa ku America anaiveka nkhaniyi zovala zamakono: ubongo wa munthu uli mumtsuko, walumikizidwa ku kompyuta, ndipo kompyutayo ikuutumizira zonse zimene ukuganiza kuti ukuona ndi kumva. Ife amene tinakula tikumva nthano za afiti ophimba anthu m'maso sitingadabwe ndi chiwanda cha Descartes, koma pali kusiyana kwakukulu. M'nthano zathu kumacha, ndipo pamapezeka wina pamudzi amene sanaphimbidwe nawo. M'nkhani ya Descartes mulibe mbandakucha, mulibenso mboni.

Pano ndiyenera kuvomereza chinthu chimodzi mosabisa. Ngati mukufuna chizindikiro chimene mungachipeze muli nokha m'mutu mwanu, chokutsimikizirani kuti simukulota, simudzachipeza. Mukadzitsina, mwina mukulota mukudzitsina. Mukafunsa mnzanu, mwina mnzanuyo ndi wa m'malotomo. Aphunzitsi anu sananame.

Komabe sindikuvomereza kuti pa chifukwa chimenechi simudziwa kanthu, ndipo chifukwa changa ndi ichi: kukayika chinthu chimodzi n'kosiyana kwambiri ndi kukayika zinthu zonse nthawi imodzi. Taganizirani mayi wogulitsa kapenta pa msika wa Soweto amene wapatsidwa K100 imene sakuikhulupirira. Iye amaikweza ku dzuwa, amaisisita ndi chala, amatulutsa ina m'chikwama n'kuziika pamodzi. Amatha kukayika ndalama imeneyo chifukwa pali ina imene sakuikayika. Munthu atamuuza kuti mwina ndalama zonse zimene zakhalapo chiyambire n'zachinyengo, mawuwo sangakhale ndi tanthauzo, pakuti yachinyengo ndi yotsanzira yeniyeni. Madzi a pa phula aja ndi chimodzimodzi. Tinadziwa kuti maso anatinamiza chifukwa maso omwewo anaona pouma titafika. Amene amanena kuti maso amanama amakhala atadalira maso kuti adziwe zimenezo.

Loto nalonso lili choncho. Mawu akuti "kulota" munawaphunzira kuti? Tsiku lina muli mwana munadzuka mukulira, mukunena kuti galu akukuthamangitsani, ndipo amayi anu anakugwirani nati, "Palibe galu mwanawe, umalota." Kuyambira pamenepo munadziwa kusiyanitsa zakutulo ndi za m'maso. Choncho mawu amene mukufunsira funso lanu munawalandira kwa munthu wina, m'nyumba inayake, mutadzuka. Ludwig Wittgenstein, katswiri wa filosofi wa ku Austria, m'zimene analemba atatsala pang'ono kumwalira mu 1951, anayerekeza zimenezi ndi chitseko: kuti chitseko chitseguke ndi kutsekeka, mahinjesi ayenera kukhala osasuntha. Mafunso athu ndi zikayiko zathu zimayenda chifukwa pali zina zimene zakhazikika, monga zoti tili ndi thupi, zoti dziko linalipo tisanabadwe, ndi zoti mawu athu ali ndi tanthauzo. Mukazula mahinjesiwo, chitseko chimangogwa, ndipo funso limagwera limodzi ndi yankho.

Pali chinthu china m'chinenero chathu chimene ndakhala ndikuchiganizira kwa nthawi yaitali. Descartes atakayika zonse anatsala ndi mfundo imodzi yokha, imene m'Chichewa tinganene kuti, "Ndikuganiza, choncho ndilipo." Tayang'anani kumapeto kwa mawu akuti ndilipo. Kachidutswa kakuti "po" kamaloza malo, monganso "ko" ndi "mo" m'mawu akuti ndiliko ndi ndilimo. Mukangonena kuti "ndili" n'kusiya pomwepo, womvera amadikira kuti mumalize: muli kuti, muli bwanji, muli ndi chiyani? Kwasi Wiredu wa ku Ghana anaona zofanana ndi zimenezi m'chinenero chake cha Akan, mmene kukhalapo kumatanthauza kukhala pamalo penapake. Descartes ankakhulupirira kuti angadziwe za kukhalapo kwake monga maganizo okhaokha, opanda thupi ndi opanda malo, ndipo kenako n'kuyamba kufufuza ngati kunja kuli kanthu. Munthu woganiza m'Chichewa akangotsegula pakamwa kunena mfundoyo, amapeza kuti watchula kale malo. Sindikunena kuti galamala ingatsimikize kuti dziko lilipo. Ndikungonena kuti poyambira pa Descartes, pamene iye ankapaona ngati poonekeratu kwa munthu aliyense, m'pamene ena a ife tiyenera kuchita kuphunzitsidwa kuti tipamvetse. John Mbiti wa ku Kenya analemba mu 1969 kuti kwa ife munthu amati, ndilipo chifukwa tilipo. Makolo athu ananena kale kuti kali kokha n'kanyama, ndipo ine ndikuona kuti mwambiwu umakhudzanso kudziwa. Munthu amene wadzitsekera m'mutu mwake n'kumafuna umboni wa zonse ali yekha wadziika pamalo pamene palibe wina aliyense anaphunzirirapo kanthu.

Ndimakumbukira bwino tsiku la 21 Juni 2001, pamene kadamsana anadetsa mzinda wa Lusaka cha m'ma 3 koloko masana. Akatswiri a zakuthambo anali atawerengera kale tsiku ndi nthawi yake zaka zambiri m'mbuyo, ndipo alendo ochokera kumayiko akutali anabwera kudzaona chifukwa chodalira masamu amenewo. Nthawi itakwana kunazizira, kuwala kunafooka, mdima unagwa kwa mphindi zitatu ndi pang'ono, ndipo mzinda wonse unafuula pamodzi. Maloto sachita choncho. Sadikira nthawi imene wina anawerengera, salola kuti anthu ambirimbiri osadziwana aone chinthu chimodzi, ndipo mawa lake sapitiriza pamene anasiyira dzulo. Descartes yemweyo anamaliza ndi kuvomereza kuti zochitika za m'maso zimalumikizana ndi moyo wonse wa munthu, pomwe za m'maloto zimangobwera n'kupita.

Wokayika weniweni adzayankha kuti kadamsanayo, khamulo ndi masamuwo, zonse zingakhale mbali ya loto limodzi lalitali. N'zoona kuti sindingathe kumutseka pakamwa. Koma taonani chimene iye wachita ndi mawu akuti kudziwa. Wawasandutsa kuti atanthauze kukhala pamalo pamene kulakwa n'kosatheka m'pang'ono pomwe, ndipo palibe munthu amene amawagwiritsa ntchito motero, kaya ndi kukhoti, kuchipatala kapena kumunda. Ife timasiyanitsa bwino lomwe pakati pa "akuti", "ndamva", "ndaona ndi maso anga" ndi "ndagwira ndi manja anga", ndipo timadziwa kuti ngakhale woona ndi maso akhoza kulakwa. Mboni ikanena kuti inaona wakuba, amaifunsa ngati kunali kowala ndiponso kuti inaima patali bwanji, chifukwa mafunso amenewo ali ndi maziko ndipo angayankhidwe. G. E. Moore, katswiri wa filosofi wa ku England, anakweza manja ake awiri pamaso pa akatswiri anzake mu 1939 nati, nali dzanja limodzi, nali linzake. Ambiri anati wazemba funso, koma ine ndimaona kuti mfundo yake inali yolimba: pakati pa kukhalapo kwa dzanja lake ndi mfundo zimene wokayika wamangirapo mtsutso wake, chodalirika kwambiri ndi dzanjalo, choncho n'kwanzeru kukayikira mtsutsowo kusiyana ndi kukayikira dzanja.

Mukakumananso ndi aphunzitsi anu, awafunseni mwaulemu kuti, kupatula zoti n'zotheka, pali chifukwa chanji choganizira kuti pakali pano mukulota, ndiponso ngati chinthu chongotheka chili chokwanira kufafaniza chimene munthu akudziwa. Afilosofi sanagwirizanebe pa funso lachiwirilo, ndipo ndingakonde kumva mmene iwo adzayankhire. Koma za tulo zija sindikuzitenga mopepuka. Ngati zafika poti mukuyenda mumsewu n'kumamva ngati anthu ndi nyumba sizenizeni, ndipo mantha akukugwirani, imeneyo ingakhale nkhani ya kutopa kapena nkhawa, imene madokotala amaidziwa ndipo amathandiza. Uzani wachibale amene mumamukhulupirira, pitani kukaonana ndi dokotala, ndipo mukatero mundilemberenso.