Kodi kabambo kadazi kaukali kaja ndani?

FUNSO: Malume, ndimameta anthu m'shopu ya mbale wina wa ku Congo kuno ku Yeoville, ku Joni. Tsiku ndi tsiku amaika mafilimu a Chifalansa a kabambo kadazi kovala zaupolisi, kongokalipa ndi kukwinya nkhope. Chifalansa sindimva, koma ndimaseka mpaka kasitomala kundidzudzula. Ndani ameneyu, ndipo adakali moyo? Wowerenga wa ku Mangochi, Yeoville.

YANKHO: Mphwanga, gwira makina bwino usadule khutu la munthu. Ameneyo ndi Louis de Funès, katswiri wa mafilimu oseketsa wa ku France, ndipo anatisiya pa 27 January 1983 ali ndi zaka 68. Anabadwira ku Courbevoie, kufupi ndi Paris, mu 1914, kwa makolo ochokera ku Spain.

Chimene chimandigwira mtima pa mkuluyu n'chakuti mwayi unamuchedwera. Ankaimba piyano m'mabala a ku Pigalle, dera lina la mumzinda wa Paris, usiku, kenako kwa zaka pafupifupi 20 nthawi zambiri ankangopatsidwa tizigawo ting'onoting'ono m'mafilimu: kuonekera pang'ono, kuyankhula mawu awiri atatu, basi. Filimu ya upolisi yomwe waonayo, Le Gendarme de Saint-Tropez, inatuluka mu 1964 ali ndi zaka 50. Anthu anaikonda zedi, mpaka anapanga mafilimu 6 a wapolisi yemweyo, yomaliza mu 1982. Ina ya La Grande Vadrouille (1966), yomwe anasewera ndi katswiri mnzake wa nthabwala Bourvil, inagulitsa matikiti oposa 17 miliyoni ku France, ndipo kumeneko palibe filimu inaiposa mpaka Titanic mu 1998.

Nanga n'chifukwa chiyani umaseka osamva chinenero? Uonetsetse mawa. Akakumana ndi bwana wake amagwada, kumwetulira, manja kutikita ngati wopempha fodya. Bwana akangotembenuka, amatuzula maso n'kuyamba kukankha ang'onoang'ono ake. Ndani mwa ife a ku Joni kuno sanagwirepo pansi pa kapitawo wotere? Ine wanga ndinamupeza pa konsitirakishoni ina ku Randburg: kwa mwini wake "yes boss", kwa ife mkango. Nthabwala yotere siifuna womasulira, monganso Izeki ndi Jakobo ankangotulukira pasiteji anthu n'kufa nazo.

Koma kulumphalumpha kuja kunamudya. Mu 1975 anadwala mtima, madokotala n'kumuuza achepetse. Kunyumba kwake ku Le Cellier, kufupi ndi Nantes, ankakonda kukhala phee m'munda, kusamalira maluwa a rozi.

Umuuze bwana wakoyo akufunire Les Aventures de Rabbi Jacob ya 1973. Koma uionere utamaliza kumeta.