Chidishi cha ku Arecibo chinagwa bwanji?

Funso: Akulu, ndili ku Senga Bay kuno, usiku tikakhala pamchenga kudikira a usipa nyenyezi zimangooneka ngati ungazitole, ndiye mphwanga wa Fomu 3 akuti kunali chidishi chomvera nyenyezi koma chinagwa. Zoona kapena akungondinamiza?

Yankho: Mphwanuyo sakunama achimwene. Chinali ku Arecibo, pa chilumba cha Puerto Rico ku Caribbean, anachitsegula mu 1963, kukula kwake mamita 305, magraundi a mpira pafupifupi atatu kuwalumikiza. Ganizani dishi ya TV ija koma yoyalidwa m'chigwa, kutola mafunde a wailesi ochokera kuthambo. Pompo mu 1974 asayansi awiri, Hulse ndi Taylor, anapeza nyenyezi ziwiri zozungulirana, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1993.

Kugwa kwake nkhani ya zingwe zomwe zimagwira chinsanja cha pamwamba pa dishiyo. Mu Ogasiti 2020 china chinazuka, mu Novembala china chinaduka, basi pa 1 Disembala chinsanja cha matani pafupifupi 900 chomwe chimalendewera m'mwamba chinagwera m'dishimo, phwaa! Mwayi palibe anavulala.

Ku China kuli dishi ina yotchedwa FAST ya mamita 500, yayikulu inde, koma imangomvera. Arecibo imaponyanso mafunde ake a wailesi (radar) kuyeza miyala ya kuthambo yodutsa pafupi ndi dziko, apa ndiye pamandiwawa ine.