Mutu kuwawa atayamba isosorbide dinitrate

Amai, mwati atate anu adapatsidwa isosorbide dinitrate chifukwa cha kupweteka kwa pachifuwa, koma chiyambireni mutu ukuwawa tsiku lililonse. Mukufunsa ngati asiye, komanso chifukwa chake adawalembera 08, 13 ndi 18 koloko m'malo mwa maola 8 aliwonse.

Asasiye, chonde. Mankhwalawa amafutukula mitsempha, magazi obwerera ku mtima n'kuchepa, mtima n'kupepukidwa ntchito. Mitsempha ya m'mutu nayo imafutukuka, n'chifukwa chake mutu ukugunda. Kwa ambiri zimachepa pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri. Panado amathandiza: awiri a 500mg, osapitirira 8 pa tsiku. Brufen ndi diclofenac ayi, makamaka ngati miyendo imatupa, poti amasunga madzi m'thupi ndi kulemetsa mtima wofooka kale. Kusiya mwadzidzidzi kungabweze ululu wa pachifuwa mwamphamvu.

Nthawizo musazisinthe, adazilemba dala. Mankhwalawa akakhala m'magazi usana ndi usiku, mitsempha imawazolowera m'masiku awiri okha, mapiritsi n'kuyamba kumwedwa pachabe. Thupi limafuna mpata wa maola 10 mpaka 14 lopanda mankhwala, ndipo kuchoka 18 kufika 08 ndiwo mpatawo. Ngati ululu wa pachifuwa umawagwira usiku, kauzeni adokotala kuti asunthe nthawi, osati kuwonjezera piritsi nokha.

BP imatsika, ndiye podzuka ayambe akhala pabedi kamphindi asanaimirire. Kutentha kwa Okutobala, makamaka kuchigwa cha Mambwe, kumawonjezera chizungulire, ndipo kachasu kapena chibuku amaipitsiratu.

Pali china chovuta kuti mwana akambe ndi kholo lake, koma pezani amalume kapena akazi awo awauze. Viagra, amene ndi sildenafil, komanso tadalafil, sayenderana ndi mankhwalawa ngakhale pang'ono. Onse amafutukula mitsempha, ndipo akakumana BP imagwa mpaka munthu kukomoka, ena kufa kumene. Za m'timapaketi ndi m'mabotolo zogulitsidwa pamsika kuti ndi zowonjezera mphamvu za abambo nazonso azipewe, chifukwa zina amathiramo sildenafil osalemba.

Funsaninso ngati adawapatsa GTN (glyceryl trinitrate), piritsi lothetsa msanga ululu wa pachifuwa loika kunsi kwa lilime, chifukwa piritsi lomezali limachedwa, silithandiza ululu ukayamba kale. Ukawagwira, akhale pansi, aike limodzi kunsi kwa lilime osameza. Pakatha mphindi 5 ululu usanathe aikenso lina, inu mukufuna galimoto. Ukapitirirabe, kapena akatuluka thukuta lozizira ndi kubanika, pitani nawo ku Chipata Central Hospital, kapena ku St Francis' ngati muli chaku Katete, osadikira kuche. GTN isungidwe m'kabotolo kake kagalasi kotseka bwino, osati m'kapulasitiki kapena m'thumba la malaya, ndipo pakatha masabata 8 chitsegulireni katengeni yatsopano, poti imatha mphamvu.