Mwana apite ku Wisconsin, koma funsani kaye kuti ndalama zake zichokera thumba liti

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi ena a ku Zomba. Mwana wawo wamkazi wapeza malo a digiri yachiwiri pa imodzi mwa mayunivesite a boma kuno ku Wisconsin, dera lina la dziko la America, ndipo amulonjeza kantchito kothandiza aphunzitsi kuti asalipire fizi. Koma mayiwa amva kuti kuno aphungu akumadula ndalama za mayunivesite, ndiye akufunsa kuti, "Kodi ndimulole apite, kapena akangosowa pogwira kumeneko?"

Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga katatu. Kenako ndinanyamuka kukatsegula kabati momwe ndimasunga mapepala akale, chifukwa mwandikumbutsa kalata ina imene mpaka lero ndimalephera kuitaya.

Ine ndinafika kuno mu August 2014, ndi lonjezo ngati la mwana wanulo. Mayi anga anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti tikiti ya ndege ikwane. Chaka choyamba zinthu zinkayenda. Ndinkachonga mayeso a ana a chaka choyamba, kuwayang'anira mu labu, ndipo kandalama kapamwezi kankakwana lendi, chakudya ndi kenakake kotumiza kumudzi. Ndiye tsiku lina mu May 2015 ndinapeza envulopu m'kabokosi kanga ka makalata. Ndinaitsegulira pompo, nditaima pafupi ndi makina a fotokope amene ankalira munthu wina akusindikiza mayeso. Inali kalata ya mizere isanu ndi umodzi yokha. Inkanena kuti poona mmene chuma chilili, sangathe kunditsimikizira ntchito ya chaka chamawa. Dzina la sukuluyo kapena la amene anasayina sinditchula. Chomwe ndimakumbukira n'chakuti panja mitengo inali itangoyamba kuphuka titazunzika ndi chipale chofewa miyezi isanu, anthu akuyenda ndi makabudula akuseka, ine miyendo ili zii.

Mumvetse, mayi, chifukwa chake kalata yotere imaopsa mwana wochokera kunja kuposa mwana wa konkuno. Viza ya ophunzira ya F-1 imangomulola kugwira ntchito pasukulu pomwepo, maola osapitirira 20 pasabata nthawi ya maphunziro. Sangakagwire maganyu mutauni ayi. Kantchito kaja kakachoka, fizi yonse imamugwera pamutu, ndiponso pa mtengo wa alendo. Miyezi itatu yotsatira ndinadya nsima ya ufa wachikasu wa m'sitolo ya anthu a ku Mexico ndi kabichi, ndipo kumudzi sindinauzeko munthu. Anandipulumutsa ndi pulofesa wina wachikulire amene anali ndi ndalama za kafukufuku zochokera ku boma lalikulu la ku Washington. Anandilemba pa ndalama zimenezo. Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti pasukulu imodzi pali matumba angapo, ndipo sabooka nthawi imodzi.

Ambirife timabwera kuno tikuganiza kuti yunivesite ya boma ndi ya pulezidenti wa America. Tinazolowera zakwathu, kumene nduna ya zachuma ikawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, UNIMA, MUBAS ndi Mzuni zonse zimadikira mphika umodzi. Kuno dera lililonse mwa madera 50 lili ndi bwanamkubwa wake ndi aphungu ake. Ku Wisconsin bajeti ndi ya zaka ziwiri. Bwanamkubwa amaipereka kumayambiriro kwa chaka, komiti ya aphungu yotchedwa Joint Finance Committee imaisanthula n'kuidula mmene ikufunira, ndipo chaka cha chuma chimayamba pa 1 July. Mayunivesite 13 amadya pamenepo. N'chifukwa chake kalata yanga inabwera mu May, aphungu ali pakati pokangana ku Madison, likulu la Wisconsin.

Chaka chimenecho bwanamkubwa Scott Walker anapempha kuti mayunivesite awadule madola 300 miliyoni pa zaka ziwiri. Aphungu anavomereza 250 miliyoni. Bajeti yomweyo inachotsanso m'malamulo a dera chitetezo cha ntchito ya mapulofesa, chimene amati tenure, n'kuchisiya m'manja mwa bodi yoyendetsa mayunivesite. Pamwamba pa izo, kuyambira 2013 fizi ya ana a konkuno a digiri yoyamba inali itaimitsidwa kuti isakwere, ndipo inakhala choncho zaka khumi. Kuimitsa fizi ine sindikutsutsa, mwana wa mlimi aphunzire. Koma ukamuletsa munthu kutunga pachitsime chako n'kumuletsanso kukumba chake, madzi akawapeza kuti? Amakawapeza kwa amene fizi yawo sinaimitsidwe, ana a madera ena ndi ana athu ochokera kunja. Ndipo podula amayambira amene ali ndi makontirakiti a chaka chimodzi.

Apa ndiye pamene ndimakwiya, ndipo sindibisa. Dera lino lili ndi mbiri imene anthu ake amainyadira, yotchedwa Wisconsin Idea, yoti ntchito ya yunivesite izifika pakhomo la banja lililonse m'dera lonse. Si nkhani yapakamwa chabe. Mu 1890 Stephen Babcock, mphunzitsi wa pa yunivesite ya ku Madison, anatulukira njira yoyezera mafuta a mumkaka, ndipo sanaigulitse kuti alemere. Alimi a ng'ombe anayamba kulipidwa molingana ndi ubwino wa mkaka wawo, othira madzi mumkaka anagwidwa. Tchizi chimene dera lino limatchuka nacho chinakulira pamenepo. Ndiye mu 2015 yemweyo, m'zolemba za bajeti munapezeka kuti mawu onena za kufunafuna choonadi afufutidwa pa cholinga cha yunivesite. Anthu atachita phokoso, Walker anati kunali kulakwitsa polemba, mawuwo anabwezeretsedwa. Koma ndalama zija sizinabwerere.

Mwina muganiza kuti ndi zakale. Ayi. Mu 2023, bwanamkubwa ali Tony Evers wa chipani cha Democratic koma aphungu ambiri ali a Republican, sipikala Robin Vos ndi anzake anadula madola 32 miliyoni, n'kugwiranso ndalama zokwezera malipiro a ogwira ntchito m'mayunivesite, pofuna kuti maofesi oona za kusasalana, amene amati DEI, achepetsedwe. Mu December bodi ya mayunivesite ija inakana mgwirizano wothetsa mkanganowo ndi mavoti 9 kwa 8, patangopita masiku ochepa inatembenuka n'kuvomera 11 kwa 6. Za maofesiwo anthu angathe kusiyana maganizo. Chimene sindingavomere ndi kugwira malipiro a mayi wokolopa m'makalasi ndi bambo wochotsa chipale usiku kuti upambane mkangano umene iwo sanauyambe. Kumeneko ndi kulakwa, kaya achite ndi a chipani chiti.

Ndipo yunivesite ya ku Madison siigwa, ili ndi ndalama za kafukufuku ndi anthu olemera amene anaphunzira pomwepo. Amene akukha magazi ndi ang'onoang'ono. Yunivesite ya ku Oshkosh inachotsa antchito oposa 100 mu 2023. Kampasi ya ku Richland Center inasiya kuphunzitsa m'kalasi chaka chomwecho, kenako Fond du Lac, Washington County, Marinette ndi Waukesha. Amati ophunzira achepa, ndipo n'zoona achepa. Koma kumeneko n'kumene kunkapita mwana woyamba m'banja kulowa koleji, wogwira ntchito masana n'kuphunzira madzulo. Ndinadutsapo pa imodzi ya makampasi amenewa itatsekedwa. Pabwalo loimika magalimoto panali patamera udzu m'ming'alu ya phula, pakhomo chikwangwani cholandira ophunzira chikadali pompo.

Ndiye mwana apite?

Apite, mayi. Maphunziro ake ndi abwino ndipo ine sindinong'oneza bondo kuti ndinabwera. Koma asanagule tikiti alembere dipatimenti yake, awafunse kuti ntchitoyo akumutsimikizira zaka zingati, ndipo yankho likhale lolembedwa m'kalata, osati la pafoni. Afunsenso ngati malipiro ake achokera ku bajeti ya dera kapena ku ndalama za kafukufuku za pulofesa, komanso kuti ndalamazo zitha liti. Afunse za segregated fees, tindalama tina timene ambiri amalipirabe ngakhale fizi yaikulu itachotsedwa. Ndipo ngati pakhomo pali mbuzi kapena kamunda koti mugulitse, musagulitse zonse pa tikiti. Musungeko ya lendi ya miyezi itatu, ndipo mumuuze mwanayo kuti envulopu ngati yanga ija ikadzabwera, akuimbireni tsiku lomwelo.