Mwasenda homuweki? Nanga makoko ake mwataya kuti?

Mafunso a ulendo uno onse achokera kusukulu ndipo onse akukhudza foni. Ndiyambe ndi amayi ena a ku Kapata muno mu Chipata, alemba chonchi: "Bambo, mwana wanga ali Giredi 5 ndipo aphunzitsi ake anatsegula gulu la makolo pa WhatsApp. Tsiku lina analemba kuti 'makolo ndasenda homuweki, ana adaunilode.' Ine ndinamva zomwe amatanthauza koma mtima sunavomere, kodi chimenechi ndi Chichewa? Komanso timati pa gulu kapena m'gulu? Ine ndi amuna anga takangana."

Amayi, mtima wanu uli bwinobwino. Kusenda timasenda mbatata, chinangwa, nthochi, nzimbe, nde munthu akandiuza kuti wasenda homuweki ine ndimafuna ndione komwe wataya makoko. Ndipo si pokhapo ayi, anzathu Abemba nawonso ali nalo liwu lomweli koma kwa iwo ndi kutenga chinthu kupita nacho, kutanthauza kuti uthenga womwewo ukawerengedwa ku Kasama aphunzitsi aja sanatumize kanthu, anyamula homuweki yonse apita nayo kwawo. Nde mukafuna kupempha munthu mwa njira imeneyo mpamene zimathera, mwana amalemba kuti "aphunzitsi ndisendereni manotsi", pomwe kusendera kwathu kuno ndi kusuntha pa benchi kuti mnzako akhale. Mukuona chisokonezo chake? Zonsezi chifukwa chothawa liwu losavuta, kutumiza.

Koma ndisanapse mtima kwambiri ndinene mbali yomwe sindidandaula nayo olo pang'ono. Foni, kompyuta, data, bandulo, netiweki, homuweki imene, amenewa ndi maina a zinthu, ndipo chinthu chachilendo chimabwera ndi dzina lake kuyambira kalekale. Makina, kalata, nsapato tinatenga kwa Apwitikizi a uko ku Tete ndipo palibe gogo aliyense ku Vubwi amene angakuuzeni kuti nsapato si Chichewa. Sukulu, buku, choko, bolodi, pensulo, sileti zinabwera ndi amishoni, Adatchi aja anafika pa Magwero mu 1899 nde werengani nokha zaka zomwe mawu amenewa akhala pakamwa pathu. Wailesi ndi Chingerezi chenicheni chongopindidwa lilime. Dzina likangolowa timaligwira ndi malamulo athu basi, foni yanga yagwa, mafoni athu agwa, kafoni ka mabatani, chifoni chachikulu chosalowa m'thumba. Liwu loti lavomera ka- ndi chi- lakhala lathu, olo wina akane.

Pomwe ndimalimba ine ndi pa aneni, mawu onena zochita. Chichewa mphamvu yake yonse ili pa mneni, taonani tumiza yekhayo zomwe amabala: ndatumiza, ndakutumizirani, tatumizirana, yatumizidwa, tumizaninso, tumiziranitu malaiti asanapite. Liwu limodzi lagwira ntchito yonse ya m'kalasi. Tsopano kwabwera matenda ena oti chilichonse ndi kupanga, kupanga daunilodi, kupanga sheya, kupanga seva, kupanga diliti, ngati kuti pakamwa pathu panatsala mneni mmodzi chabe. Chonsecho mawu alipo ndipo ana amawadziwa kale. Chinthu chikachoka pa intaneti kulowa m'foni mwanu mwatsitsa, mukachiika kuti ena achipeze mwakweza kapena mwaika. Batani timadina. Zolakwika timafufuta, mmene takhala tikufufutira bolodi zaka zonsezi. Timasunga, timagawana, timasaka, timalowa ndi kutuluka, mawu ndi zithunzi timajambula. Aphunzitsi aja akanalemba kuti "makolo ndatumiza homuweki, ana atsitse" uthenga ukanafupika ndipo agogo amene akulera mwanayo akanamva osafunsa munthu.

Ena ndinawagonjera, sindinama. Kutchaja foni ndi kusaina ndinasiya kulimbana nazo chifukwa zinakhazikika ndipo sizikulanda malo a liwu lina. Koma onani zomwe anthu anachita okha popanda komiti iliyonse, batire ikatha amati foni yatha moto. Amene anayamba kunena zimenezo ndikanamudziwa ndikanamugulira thobwa, ndipo ine ndikukhulupirira kuti sanali munthu wa ku yunivesite, anali winawake pa msika.

Tsopano mlandu wanu ndi bambo a kunyumba. Pa, mu ndi ku, timawu titatu timeneti ndimatikonda kuposa china chilichonse m'chiyankhulo chathu chifukwa sitinama. Pa ndi poonekera, pamwamba pa chinthu kapena pamalo penipeni. Mu ndi mkati. Ku ndi kumalo kotalikirako komwe ukupita kapena kuchokera. Nde uthenga mumaika pa gulu, chimodzimodzi nkhani yokambidwa pa bwalo, aliyense aione. Koma munthu amakhala m'gulu, amalowa m'gulu, akavuta amachotsedwa m'gulu. Choncho "homuweki ili pa gulu" ndi zoona, "amake Tisa mulibe m'gulu" ndi zoonanso. Palibe wapambana, phikani nsima mudye.

Ndipo kusiyana kumeneku si kwa akatswiri chabe, kumakhudza ndalama zanu. Timati pa intaneti, sitinena mu intaneti ayi, koma timati m'foni muli zithunzi. Chomwe chili pa intaneti nthawi iliyonse mwana akafuna kuchiona netiweki ikhalepo ndipo bandulo imadyeka, kaya ndi MTN kaya Airtel kaya Zamtel. Chomwe chili m'foni watsitsa kamodzi basi, awerenga olo ali kumunda, olo kumudzi komwe netiweki amaipeza atakwera pa chulu. Mphunzitsi wodziwa ana ake amanena momveka kuti "izi zili pa YouTube, mukafika pa boma mutsitse zikhale m'foni", ndipo amadziwa kuti mapepala a mayeso akale a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso muno mu Zambia, akakhala mu PDF sadya data ngati kanema wa mphindi 20. Ndikukumbuka masukulu atatsekedwa pa 20 Marichi 2020 chifukwa cha korona, maphunziro anaikidwa pa TV4 ya ZNBC komanso pa intaneti, koma ana ambiri a m'midzi yathu kuno analibe TV olo foni yaikulu, amene anali ndi mwayi anamvera pa wailesi, monga tinkachitira ndi pulogalamu ya maphunziro ija ya Taonga Market zaka za m'ma 2000 ndi mawailesi opukusa aja. Magulu a makolo ambiriwa mmene ndinaonera ine anabadwa nthawi imeneyo, ndipo kusenda kunabadwira pomwepo. Onaninso kuti tinkati pa wailesi, m'wailesi munkakhala mabatire. Lamulo ndi lomwelo, silinasinthe chifukwa kwabwera WhatsApp.

Funso lachiwiri lachokera kwa aphunzitsi a Cinyanja pa sekondale ina ku Chadiza: "Ana anga akalemba chimangirizo kunyumba amabwera ndi ch paliponse, chinthu, chaka, ntchito, pomwe mabuku athu amalemba cinthu, caka, nchito. Ndazindikira kuti ena amalemba m'Chingerezi n'kuika pa Google Translate. Ndiziwadula mamalikisi?"

Aphunzitsi, apa pali nkhani ziwiri ndipo musazimange mtolo umodzi. Ya c ndi ch ndi ya malire a maiko chabe. Ku Malawi dzina la chiyankhulo analisintha mu 1968 kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa, ndipo malamulo a kalembedwe a 1973 ndi amene anakhazikitsa ch ndi tch. Kuno ku Zambia unduna wa maphunziro unavomereza kalembedwe ka ziyankhulo zathu mu 1977, ife tinasunga c, ndipo ch tinamusiyira liwu lotuluka ndi mpweya lija la mu nchito. Pakamwa palibe kusiyana, munthu wa ku Mchinji ndi wa pa Mwami amatchula chaka mofanana ndendende, ndipo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika Achewa a maiko atatu amamvana popanda wofunsa mnzake kuti iwe umalemba bwanji. Kunena zoona kalembedwe kathu ka c ine ndimakaona kanzeru kuposa kawo, chilembo chimodzi liwu limodzi, koma dzina la tauni yathu lomwe timalemba Chipata ndi Ch, ndipo inenso pano mukuona ndikulemba ch chifukwa ondiwerenga ali mbali zonse za malire. Chigamulo changa nchakuti m'kalasi ndi pa mayeso mwana atsate kalembedwe ka m'mabuku a Zambia, muwongolereni ndithu ndi cholembera chofiira, koma musamuuze kuti ch ndi kulakwa, muuzeni kuti ndi kalembedwe ka tsidya lija. Chomwe sindilola ndi kusakaniza, cinthu pa mzere woyamba chinthu pa wachitatu.

Nkhani yachiwiri ndiye yaikulu. Google Translate inalandira Chichewa kumapeto kwa 2014 ndipo kalembedwe kake ndi ka ku Malawi, nchifukwa chake mukuwagwira mosavuta. Koma olo mwana atakhala wochenjera n'kusintha ch yense kukhala c, mudzamugwirabe, chifukwa chiganizo chimayenda Chingerezi mawu okha ndiwo athu. Makinawo sadziwa kuti akuyankhula ndi ndani, Mngerezi ali ndi liwu limodzi la iwe ndi inu nde kalata yopita kwa amfumu ikhoza kutuluka ikuwatchula iwe, ndipo mwambi ukalowamo umatuluka wopanda mutu. Apo dulani mamalikisi osamva chisoni, osati chifukwa cha ch koma chifukwa mwanayo sanaganize m'chiyankhulo chake. Kuletseratu foni sikuthandiza, adzagwiritsabe ntchito mobisa. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga ndime imodzi yotuluka m'makinamo, kuilemba pa bolodi, kalasi yonse iisake zolakwa ndi kuikonza. Ana amakonda kugwira wolakwa, makamaka wolakwayo akakhala kompyuta, ndipo pa phunziro limodzi lotero amaphunzira zambiri za mgwirizano wa mawu kuposa sabata yathunthu yoloweza magulu a maina.

Pali chida china m'foni momwemo chomwe aphunzitsi a chiyankhulo simukuchigwiritsa ntchito mokwanira, uthenga wa mawu ojambula uja. Chichewa ndi chiyankhulo cha kukweza ndi kutsitsa liwu koma polemba sitionetsa. Mtengo womera ndi mtengo wa pa msika timalemba mofanana, khungu la pathupi ndi khungu la kusaona chimodzimodzi, koma khutu limasiyanitsa. Pepala silingaphunzitse zimenezo, mawu ojambula angathe, ndipo sadya data yambiri. Muwatume ana akajambule agogo awo akusimba nthano kapena kuponya ndagi, abwere nazo m'kalasi muzimvera limodzi kenako azilembe.

Ndipo poti tili pa kulemba pa foni, kachizindikiro ka mu ng' kakufa tikuona. Ana akulemba ngombe, pangono, chifukwa chala chikuchita ulesi kukasaka komwe kanabisala. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana ija, ndipo mukafika ku Lundazi kwa Atumbuka ngoma ndi chimanga. Mwana akalemba kuti anyamata anaimba ngoma usiku wonse mumufunse kuti nyamayo inalira bwanji. Apa ndiye sindinyengerera, kaya pa pepala kaya pa foni.

Lomaliza ndi lalifupi, aphunzitsi achitsikana a ku Katete akudandaula kuti ana a Fomu 1 amawalembera "ba ticha mulipo?" ndipo wina anafika polemba "ticha uliko?" usiku anthu atagona. Eya, ma Fomu abweranso kuyambira 2025, ife akale tamva ngati tabwerera ku unyamata. Ba ameneyo si wathu, ndi wa Chibemba ndipo anafika kuno kudzera ku Lusaka ndi pa TV, ife ulemu wathu ndi a, aphunzitsi, amayi, a Phiri, a Banda. Koma mwana wolemba ba wayesako ulemu, wangobwereka wa eni ake, ndipo wa ku Lundazi ali ndi chifukwa chake poti Chitumbuka chili ndi ŵa amene ambiri amamulemba ba. Ameneyo muwongoleni mukuseka. Wa "uliko" uja nde ayi. Foni siichotsa msinkhu wa munthu, amene simungamutchule iwe pa khomo la kalasi simungamutchule iwe pa WhatsApp. Muikeni lamulo pa gulu tsiku loyamba lenileni, uthenga wopita kwa aphunzitsi uyambe ndi moni, mwana anene dzina lake ndi kalasi chifukwa ambiri amalemba pa foni ya makolo kapena ya achimwene awo, kenako funso, ndipo ikakwana 20 koloko aliyense agone. Wolemba "uliko" musamuyankhe usiku umenewo, mawa lake mumuitane kutsogolo awerenge yekha uthenga wakewo mokweza akukuyang'anani kumaso.