Mawanga akuda kumaso: ndikachite peel ndi laser ukwati usanafike?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Lilongwe. Ndaifupikitsa ndipo ndachotsamo zonse zomwe zingamuzindikiritse.

"Ndili ndi zaka 32. Chiyambire pomwe ndinali ndi pakati pa mwana wachiwiri, masaya onse awiri ndi pachipumi panatuluka mawanga akuda. Pachibwano palinso timadontho tomwe ziphuphu zimasiya. Mnzanga anandipatsa mafuta osakaniza a m'kabotolo kopanda dzina, ndipo ndadzola miyezi 8. Poyamba nkhope inayera bwino, koma pano yada kuposa kale, ndipo ndikangosiya masiku atatu pamatuluka nsungu zoyabwa. Ku saluni ina andiuza kuti akandichita peel katatu ndi laser kamodzi nkhope iyera mbee. Mng'ono wanga akukwatiwa masabata 6 akubwerawa. Ndipite?"

Mchemwali, musapite. Ndalama zijazo zisungeni kaye. Peel ndi laser si zoipa ayi, zimathandiza anthu ndithu, koma pa nkhope yanu momwe mwaifotokozeramu, komanso pa liwiro la masabata 6, mukhoza kukafika pa ukwatiwo mutada kuposa lero. Ndinagwirapo ntchito pa kauntala ya famasi zaka zingapo, ndipo amayi obwera atapsa nkhope, akufunsa monong'ona ngati pali chodzola choti chibweze zinthu mwakale, ndinawaona ambiri.

Tiyambe ndi khungu lenilenilo. Mtundu wa khungu umachokera ku utoto wotchedwa melanin, womwe umapangidwa ndi timaselo tokhala m'munsi mwa khungu lapamwamba. Mzungu ndi ine tili ndi timaselo timeneti tochuluka pafupifupi mofanana. Kusiyana n'kwakuti tathu n'takhama, komanso sitichedwa kupsa mtima. Chilichonse chikavuta pakhungu, kaya ndi chiphuphu, udzudzu, kukanda, kudontheredwa mafuta a mandasi, kaya dzuwa, timaseloti timayankha njira imodzi yokha: kuthira utoto wambiri. N'chifukwa chake chiphuphu chomwe pa mzungu chimasiya kufiira kwa masiku, pa ife chimasiya dontho lakuda bii la miyezi. Tsono taganizani. Peel ndi asidi wosupula khungu mwadala. Laser ndi kuwala kotentha. Zonse ziwiri zimachiritsa povulaza pang'ono, ndipo wozigwira akangopyola muyeso, timaselo tija timadzuka n'kuthira utoto pamalo pomwepo pomwe mumafuna kuchotsapo utoto. Madokotala amagawa makungu m'magulu 6 potsata muyeso wa Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard, ndipo ambirife tili pa 5 ndi 6, pomwe ngozi imeneyi ndi yaikulu kwambiri.

Ndikawerenga imelo yanu ndikuona mavuto atatu osiyana, ngakhale pa kalilole akuoneka ngati limodzi. Mawanga a m'masaya ndi pachipumi, ofanana mbali zonse ziwiri, oyamba ndi pakati, akumveka ngati melasma. Iyi imayendera mahomoni ndi dzuwa, ndipo mapiritsi olera okhala ndi estrogen amaikolezera mwa amayi ena. Ndi yamakani, imazilala n'kubweranso. Timadontho ta pachibwano ndi mapazi a ziphuphu, ndipo ameneŵa amatha okha ziphuphuzo zikaleka, kawirikawiri pakati pa miyezi 6 ndi chaka ngati utoto uli pamwamba, nthawi yaitali kuposa apo ngati unalowa pansi. Vuto lachitatu, lomwe likundidetsa nkhawa kuposa onse, ndi kabotolo kaja.

Mafuta osakaniza oterewa nthawi zambiri amakhala ndi steroid wamphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, yemwe ali mu timachubu tija timagulitsidwa pamsika ngati tomato, kuphatikizapo mankhwala oyeretsa khungu otchedwa hydroquinone, ndipo ena amakhala ndi mercury yemwe amawononga impso ndi mitsempha. Steroid ndiye amayeretsa msanga n'kukusangalatsani mwezi woyamba. Kenako amapyapyalitsa khungu, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimachuluka, ndipo mukasiya khungu limalusa. Nsungu zomwe mukuti zimatuluka pa tsiku lachitatu zija ndi zimenezo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Hydroquinone ali ndi mbiri yakeyake. Mu 1975 dokotala Findlay ndi anzake ku Pretoria analemba za amayi akuda omwe atadzola mankhwalawa nthawi yaitali, masaya awo anada mobiriwira ngati mwaye, penapake ndi timatuza tolimba. Matendawa amatchedwa ochronosis, ndipo ndi ovuta kwambiri kuchiza chifukwa utoto wake umakhala pansi penipeni pa khungu. South Africa inaletsa hydroquinone m'mafuta odzola wamba mu 1990. Sindikunena kuti muli ndi ochronosis, miyezi 8 si zaka, koma mawu anu oti "poyamba inayera, pano yada kuposa kale" ndi omwe dokotala aliyense wa khungu angafune kuwamva asanakhudze nkhope yanu ndi chilichonse. Kuthira asidi pa khungu lomwe steroid walipyapyalitsa kale kuli ngati kusita nsalu ya nayiloni ndi simbi ya makala.

Ndiye ulendo woyamba usakhale wa ku saluni. Pitani ku kiliniki ya khungu. Ku Kamuzu Central ku Lilongwe ilipo, ku Queen Elizabeth ku Blantyre ilinso, ndipo m'zipatala zina muli ma clinical officer omwe anakaphunzira za khungu ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, m'dziko la Tanzania. Kabotolo kaja mutenge, musachite nako manyazi, amationa ambiri. Iwo ndiwo akuuzeni momwe mungasiyire steroid pang'onopang'ono kuti khungu lisaluse kwambiri. Aonanso ngati pali china chobisala, chifukwa si wanga lakuda lililonse lomwe ndi nkhani ya kukongola. Bactrim amatha kusiya wanga lozungulira lomwe limabwerera pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse munthu akamwa mankhwalawo. Khosi lakuda lokhuthala ngati veleveti, lomwe anthu amalikhula ndi mwala poganiza kuti ndi litsiro, limatha kukhala chenjezo la shuga. Kuda kokhakhala kozungulira khosi ndi kuseri kwa manja kumatha kukhala pellagra, yobwera ndi kusowa kwa vitamini wa niacin mwa anthu odalira chimanga chokha kapena omwa isoniazid, mankhwala a TB. Mawanga ofiirira moderako amatha kukhala khansa yotchedwa Kaposi. Mtsikana wa ku saluni, ngakhale wamtima wabwino chotani, sanaphunzire kusiyanitsa zimenezi.

Zikatsimikizika kuti ndi melasma ndi mapazi a ziphuphu, chithandizo chenicheni chimayamba ndi chinthu chomwe ambiri amakhumudwa nacho: sunscreen. Kwathu kuno timaganiza kuti sunscreen ndi ya azungu ndi abale athu achialubino basi. Zoona khungu lakuda silipsa ndi dzuwa msanga, koma limada nalo, ndipo melasma imadya dzuwa ngati mbuzi pa msipu. Mukhoza kudzola mankhwala abwino miyezi itatu, tsiku limodzi loima pa depoti masana a mu Okutobala n'kufafaniza zonse. Funani ya SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yake yotchinga dzuwa), ndipo ngati mungapeze yokhala ndi mtundu ngati foundation, yolembedwa iron oxide, tengani imeneyo. Chifukwa chake n'chakuti pa khungu lakuda ngakhale kuwala wamba koonekaku kumadetsa, ndipo sunscreen yoyera siikutchinga bwino. Muyeso ndi mizere iwiri kutalika kwa zala ziwiri pa nkhope ndi khosi, m'mawa uliwonse, kuwonjezera masana ngati muli panja. Chipewa chachikulu ndi ambulera n'zotchipa ndipo zimagwira ntchito. Amayi ena amaonanso kuti kutentha kwa mbaula kumawadetsera mawanga, ndiye pophika nkhope isamakhale pamoto penipeni.

Kenako mankhwala odzola olembedwa ndi dokotala. Azelaic acid wa 20% ndimamukonda chifukwa amagwira ziphuphu ndi mawanga nthawi imodzi, ndipo amaloledwa ngakhale kwa oyembekezera. Adapalene ndi tretinoin amafulumizitsa khungu kusintha, koma woyembekezera asawayandikire, ndipo amayamba n'kuuma ndi kuyabwa, choncho mumayamba ndi kadontho kochepa masiku awiri kapena atatu pa sabata. Palinso msakanizo wa mankhwala atatu womwe Albert Kligman ndi Isaac Willis anafalitsa mu 1975: hydroquinone, tretinoin ndi steroid wofooka. Mudabwa kuti bwanji hydroquinone yemwe ndamunyoza uja wabweranso. Kusiyana kwake n'kwakuti apa mlingo umadziwika, nthawi zambiri 4%, amapaka pa wanga pokha usiku, kwa masabata owerengeka, kenako amasiya, dokotala akuyang'anira. Inuyo mwina sangakupatseni msanga poti khungu lanu latopa kale ndi zomwezo. Kwa melasma yamakani madokotala ena amapereka mapiritsi a tranexamic acid, mankhwala omwewa omwe amabaya amayi otaya magazi pobereka, pa mlingo wochepa wa 250 mg kawiri pa tsiku. Awa osagula nokha. Munthu yemwe magazi ake anaundanapo m'mitsempha, wosuta, kapena womwa mapiritsi olera a estrogen ayenera kufunsidwa bwino kaye. Ndipo za kulerazo musasiye mwa inu nokha chifukwa cha nkhope, kakambiraneni ndi anamwino a zakulera za njira ina. Zonsezi zimafuna masabata 8 mpaka 12 kuti muyambe kuona kusintha.

Peel imabwera pambuyo pa zonsezi, ngati wothandizira chabe. Zoyenera khungu lathu ndi zapamwamba zokha: salicylic acid wa 20% mpaka 30%, glycolic acid woyambira pa 20% n'kumakwera pang'onopang'ono, kapena mandelic acid yemwe amalowa mofatsa. Dokotala Pearl Grimes wa ku Los Angeles anaonetsa mu 1999, pa anthu 25 a khungu la magulu 5 ndi 6, kuti salicylic acid amathandiza popanda mavuto aakulu. Koma taonani momwe anachitira: anayamba wakonzekeretsa khungu ndi mankhwala odzola masabata awiri, kenako ma peel 5 otalikirana masabata awiri awiri, kuyambira pa mlingo wotsika. Za peel kuphatikiza laser pa khungu lodwala mulibe m'menemo. Peel yakuya, monga ya asidi wamphamvu wa TCA kapena phenol, imeneyo ikanizeni ngakhale akupatseni ulere.

Ine ndinaphunzira ndi tsaya langa. Ndili mtsikana ndinapita pa saluni ina kuti andichotse timadontho tiwiri. Mayi wake anandipaka madzi a m'botolo lomwe chizindikiro chinali chitafufutika, n'kupita kukayankha foni. Nditayamba kulira kuti kukuwotcha anafuula ali uko kuti "ndiye kuti akugwira ntchito!" Timadontho tiwiri tija tinasanduka chigamba chimodzi chachikulu ngati ndalama yachitsulo, ndipo chinanditengera pafupifupi chaka kuti chizilale. Peel yabwino imanyerenyetsa ndi kutentha pang'ono kwa mphindi zochepa, wopakayo ali pomwepo ndi wotchi m'manja. Ikamawawa ngati moto, ndi moto.

Za laser ndinena mwachidule. Laser imasaka utoto, ndipo pa khungu lakuda utoto uli paliponse, choncho makina olakwika amawotcha nkhope yonse osati wanga lokha. Makina ambiri omwe ma saluni amawatchula kuti laser ndi IPL, nyali yowala mwamphamvu yomwe si laser yeniyeni, ndipo pa khungu la magulu 5 ndi 6 imatha kusiya matuza, mawanga akuda, kapena oyera omwe sabwerera mwakale. Yomwe madokotala amaikhulupirira pa ife ndi Nd:YAG ya 1064 nm pa mphamvu yotsika, ndipo amayamba ayesa pa kamalo kobisika n'kudikira masabata angapo. Ngakhale itachitidwa bwino, melasma imakonda kubwerera pambuyo pa laser, n'chifukwa chake imakhala njira yomaliza. Microneedling, ya tisingano ting'onoting'ono, ilibe kutentha ndiye imayanjana ndi khungu lathu, makamaka pa zipsera zokumbika za ziphuphu, bola singano zikhale zatsopano ndipo pasakhale ziphuphu zamafinya. Madiripi a glutathione omwe atchuka pa Facebook ndi TikTok aja asiyeni. Sachotsa wanga, ndipo mabungwe oyang'anira mankhwala ku United States ndi ku Philippines anachenjezapo za majakisoni oyeretsa khungu.

Tsiku lomwe mudzakhale wokonzeka kuchita peel, mudzafunse mosaopa. Wochitayo ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi? Asidiyo dzina lake ndani, ndi wa maperesenti angati, botolo ndilione? Makinawo ndi IPL kapena Nd:YAG? Zithunzi za anthu akuda ngati ine omwe munawathandiza zilipo, zojambulidwa patatha miyezi itatu, osati tsiku lomwelo nkhope ili nyezinyezi? Ndikapsa mudzatani? Woyankha kuti "ndi chinsinsi chathu" mumutsanzike mwaulemu. Wolonjeza kuti muyera thupi lonse akugulitsani kabotolo komwe kaja m'chovala china, ndipo mapeto ake ndi aja timasekana, nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola. Cholinga cha chithandizo chenicheni ndi chakuti wanga lifanane ndi khungu lanu lobadwa nalo.

Nanga ukwati? Sabata ino pitani ku kiliniki ndi kabotolo m'chikwama. Yambani sunscreen mawa m'mawa. Sambani ndi sopo wofatsa, siyani zokhula, mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano, ndipo ziphuphu musazifinye. Masabata oyamba osiya steroid nkhope ikhoza kuoneka moipa, ndiye ndi bwino zimenezo zichitike pano kusiyana ndi sabata ya ukwati. Pa ndalama za laser zija tengani pang'ono mugule foundation yogwirizana ndi khosi lanu, ndi kopaka kofiirira ngati lalanje koika pansi pake pa mawanga, chifukwa mtundu umenewo ndi womwe umabisa kuda pa khungu lathu. Kayeseni kwa wokongoletsa nkhope kutatsala sabata imodzi, mujambulitse panja masana muone ngati zikugwirizana. Mukabwerako ku kiliniki mundilembere zomwe akupezani nazo, makamaka ngati atchula ochronosis, chifukwa imeneyo ili ndi njira yake yosiyana ndi zomwe ndalemba pano.